Mwala wa Pakhonde

Mikono inali italema kale, koma mayi a Pansok sanaleke kumenya nsalu. Gu gu gu, gu gu gu, zibonga ziwiri pamwala wosalala. Makwinya anali atatha kalekale, moti nsaluyo ikanakhala ndi pakamwa bwenzi itapempha chifundo. Ndani amamenya nsalu mu Ogasiti, dzuwa likuswa mtengo? Imeneyi ndi ntchito ya nyengo yozizira, ya akazi awiri okhala moyang'anizana akujeda apongozi. Mayi a Pansok anali okha.

Mwalawo anaukokera pakati pa khonde la matabwa, pamwamba pa chitseko cha dzenje losungiramo mbatata. Anayala mphasa n'kukhala pomwepo. Pansi pawo panali Pansok, mwana yekhayo amene akanathabe kumugwira ndi manja. Wamkulu anapita ndi asilikali akumwera nkhondo itangoyamba, ndipo sanamvekenso.

Kunja kwa mpanda asilikali akumpoto ankadutsabe. Anayamba dzuwa likutuluka, onse kulunjika kumtsinje wa Naktong, kumene aliyense ankati kukagwa anthu ngati mpunga womweta. Anali atazika nthambi za mitengo kumsana kuopa ndege. Ng'ombe zinkakoka ngolo za zipolopolo malilime ali panja. Anyamata ena anamanga nsapato ndi udzu, ena ankayenda ali m'tulo, dzanja paphewa la mnzawo wakutsogolo. Nyenyezi zofiira za pazipewa zawo zinali zitachita fumbi. Nyimbo zija anabwera nazo mwezi watha palibe ankaziimbanso.

Mudzi wonse unkadziwa kuti anthu amenewa akaona mnyamata samusiya. Mnyamata wa kwa a Yun, oyandikana nawo nyumba, anamutola m'munda, matope ali kumiyendo.

Nthawi ndi nthawi pansi pa matabwa pankamveka kugunda. Mayiwo akamva, ankaluma mano n'kuwonjezera mphamvu pazibonga.

Masana ndithu chipata chinatseguka. Analowa msilikali wachikulire, wa mizere ya udindo paphewa, akutsimphina. Anapunthwa pamakwerero amene anali gone pabwalo, natukwana chapansipansi.

"Amayi, kwa Pansok ndi kuno?"

"Ati chiyani? Makutu anga anafa ndi mizinga yanuyo!"

"Ndati Pansok! Anthu amuona akulowa m'mudzi muno m'mawa."

"Anthu ake ati? Kafunseni omwewo. Ine ndinabereka awiri, nkhondo inatenga onse. Mukufuna wachitatu? Mwachedwa bambo, ndinasiya kubereka."

"Tasiyani kaye zibongazo, mutu ukundiwawa."

"Mutu ndi wanu, nsalu ndi yanga."

Msilikaliyo anasuzumira m'nyumba, kenako kukhitchini. Anabwerera akuloza ndi chala.

"Mbale za balere ziwiri. Mumadya kawiri?"

"Ina ndi ya malemu bambo awo. Kwanuko akufa mumawagoneka ndi njala?"

Munthuyo anatunga madzi mumtsuko, namwa, nadzithira otsala m'khosi. Ndiye anachita chimene mayiwo ankaopa koposa: anakhala m'mphepete mwa khonde n'kuvula nsapato. Phazi lake linali matuza okhaokha.

Pomwepo matabwa ananjenjemera.

Mayi a Pansok anamenya nsalu ngati yawalakwira. Thukuta linkalowa m'maso osalipukuta. Mumtima ankangoitana malemu amuna awo kuti ngati kumeneko kuli chothandiza, athandize lero.

Msilikaliyo anayang'ana matabwa. Anayang'ana makwerero aja. Kenako anayang'ana mayiwo nthawi yaitali, ndi maso a munthu amene waiwala tsiku limene anagona pamphasa. Anavalanso nsapato yake pang'onopang'ono.

"Akabwera mumuuze kuti Ko anadutsa pano. Anamufunafuna, osamupeza."

Anatuluka, n'kutseka chipata bwinobwino ngati mlendo waulemu.

Mayiwo sanaleke kumenya nsalu. Inadutsa mizinga, anadutsa akavalo, anadutsa ophika atasenza miphika ikuluikulu pamitengo. Anadutsa otsalira, odwala m'mimba, akukokana. Dzuwa litapendeka fumbi linayamba kukhazikika, ndipo nyenje zinamvekanso m'mitengo. Msewu unali mbee.

Zibonga zinagwa zokha. Zala zinakana kutambasuka, moti mwalawo anaukankha ndi mapazi, atatsamira mzati. Anakwawa kukatenga makwerero, nawatsitsira m'dzenje. Chakumtsinje kunagunda mzinga woyamba, wina n'kuyankha.

Pansok anatuluka mawu atasasa, zibakera zili magazi okhaokha ndi kumenya matabwa.

"Mwandichita chiyani, amayi? Ine ndinangopempha kwa akuluakulu a gulu lathu kuti ndidzakupatseni moni! Inu mukuti tsika unditengere mbatata, kenako mukuzula makwerero?" Anakutumula chipewa chake cha nyenyezi yofiira, misozi ili mbwembwembwe. "Anzanga akawoloka popanda ine!"

"Awoloke," anatero mayiwo, osadzuka pomwe anagwera. "Kutsidyako kuli mkulu wako. Balere wako wazizira, khala pansi udye."