Sutikesi ya Bambo

"Khoti lagamula kuti wokuyang'anirani ndine, bambo. Mawa mukusamukira kwanga, nyumba ino tigulitsa," anatero mwana wachisamba, uku akukonza tayi.

Bambo ake, amene anafa manja onse awiri ndi sitiroko, sanamuyang'ane n'komwe.

"Amayi ako akuti ayi."

"Amayi tinawaika m'manda chaka chatha, bambo. Akufa sasaina."

Analongedza yekha zovala za bambowo, nakhoma sutikesi, kiyi n'kugona naye m'thumba.

M'mawa anaipeza yokhoma bwinobwino, koma yopanda kanthu. Malaya onse anali m'kabati, makolala ataloza kukhoma, mmene ankapindira malemuwo okha.

Mwana woikidwa ndi khotiyo anayang'ana uku ndi uku.

"Pepani amayi, anali maganizo chabe."