Chiswe Amene Adadya Mabuku

Padangotero, m'chipinda chosungiramo mabuku a ana pasukulu ina, Chiswe ndi Nalimata adakangana kuti wophunzira kwambiri ndani. Adapempha Kangaude, amene ankakhala kudenga, kuti awaweruze.

"Ine ndamaliza mabuku makumi atatu," adatero Chiswe akusisita mimba. "Onse ali muno. Anzangawa atha chaka chathunthu akuyang'ana buku limodzi."

Nalimata sadakane.

Kangaude adaloza buku lomwelo, la zithunzi, lomwe Chiswe adali ataliboola kale. "Ili nonse mukulidziwa. A Chiswe, likunena chiyani?"

"Chikuto chake n'cholimba, koma masamba apakati ndi ofewa, okoma."

Chibadwire Kangaude adali asanamvepo yankho lotere. "Achimwene, ndikufunsa nkhani yake. Muli ndani m'menemo?"

"Muli anthu kodi? Ine sindidalume aliyense."

Nalimata adayankha mofatsa. "Ndi nkhani ya kachiswe kodzitama, kamene mayi ake adakachenjeza kuti kasamayandikire nyama ina yokhala pakhoma. Dzina la nyamayo silikuoneka, chifukwa mudadya pomwepo. Tasenderani kuno muone."

Chiswe adasendera. Nalimata adatsegula kukamwa kamodzi kokha, ndipo pamene padali Chiswe padatsala fumbi la pepala.

Kangaude adafuula. "A Nalimata, mwachita chiyani?"

"Ndameza mabuku makumi atatu," adatero Nalimata akudzinyambita, "koma sindikumva kuti nzeru zawonjezeka."

Nthano yathera pomwepo, m'mimba mwa Nalimata.