Tizidutswa ta a Dokotala

Mzere wobiriwira pakompyuta unagwa mwaliwiro, ndipo a Dokotala anapumira m'mwamba. Zotsatira zawo zabweranso! Chinatsala n'kuziteteza mpaka mawa.

Ntchito yawo inali yoswa mpweya. Ankalowetsa mpweya wa silikoni ndi haidirojeni m'chubu chagalasi n'kuuwomba ndi kuwala kwa leza. Ukasweka, pankatsala tizidutswa tolusa, timene timagwira chilichonse chimene takumana nacho, makamaka okosijeni. N'chifukwa chake pampu yochotsa mpweya wakunja m'chubumo inkagunda tsiku lonse, mpaka kapu ya tiyi kumayenda yokha patebulo. Liwiro limene tizidutswato timathera, lomwe mzere uja unkaonetsa, ndi limene limaulula mphamvu yomanga silikoni ndi haidirojeni.

Tsono tizidutswa ta a Dokotala tinkatha msanga kuposa mmene mabuku onse amanenera. Ndiye kuti mabuku analakwitsa, basi. Mawa akuluakulu a yunivesite ankabwera kudzaona okha ndi maso, ndipo ntchito yokhazikika, imodzi yokhayo, inadalira pamenepo. Winanso woifuna anali Wamtali, mnzawo wa labu yoyandikana nayo.

Koma taonani zake. Wamtali akangodutsa m'chipindamo, zonse zinkasokonekera. Mzere uja unkayamba kutsika mwaulesi ngati wa m'mabuku, ndipo pankapita masiku kuti uyambirenso kuthamanga. Munthu wake womwetulira, wopereka moni mpaka kawiri, sipanala ili lende m'thumba la gauni. A Dokotala ankamuda ndi mtima wonse.

Nthawi ya nkhomaliro itakwana, anatsanzika mokweza kuti pakhonde ponse amve, anamenyetsa chitseko, koma sanatuluke. Anabisala kuseri kwa kabati, foni ili m'manja, kamera itayatsidwa. Mwendo unachita dzanzi, koma sanausunthe.

Chitseko chinati kwee. Wamtali anasuzumira, n'kulowa. Sanayang'ane kompyuta, sanakhudze leza. Analunjika kuseri kwa chubu, anagwada, n'kutulutsa sipanala. Amadziwa bwino pogwira, mfiti yamasana imeneyi!

A Dokotala anadikira mpaka chitsulo chinalira pachitsulo chinzake, kenako anavumbuluka.

"Ndakugwirani! Ndajambula zonse. Mukafotokoza bwino mawa pamaso pa akuluakulu."

Wamtali anadzidzimuka mpaka kugunda mutu kutebulo. Kapu ija inagwa n'kusweka.

"Aa, a Dokotala, mwandiopsa! Mwajambula chiyani?"

"Musandipusitse ine. Mukangogwira apo, zotsatira zanga zimafa. Ntchito imodzi yomweyi mpaka kundipha nayo?"

Kuti umboni ukwanire, a Dokotala anadina batani la leza foni ikujambulabe. Mzere unatsika mwaulesi, ndendende wa m'mabuku.

"Mwaona zimene mwachita?"

Wamtali anayang'ana kompyuta, n'kuyang'ana sipanala yake. Kumwetulira kuja kunazimiririka, ndipo anayankhula motsitsa ngati ali pamaliro.

"Achemwali, ine ndimangomanga nati iyi. Pampu yanuyi imaimasula ndi kugwedeza, ndiye mpweya wakunja umalowa m'chubu. Ndimaopa moto, paja mpweya wanuwu suchedwa kuyaka."

Foni inatsika pang'onopang'ono. Chimene a Dokotala anatulukira, chimene anaitanira akuluakulu onse aja, chinali okosijeni wa mumpweya womwewu umene ankapuma, amene ankamaliza tizidutswa tija msanga.