Kamakina Kokhoma

"Aka kamakhoma ndi nambala yachinsinsi?" mtsikanayo anafunsa monong'ona, maso akuthamangira kukhomo la sitolo.

"Kamakhoma, achemwali," anatero wogulitsa. "Mabuku ambirimbiri mkatimo, koma palibe woona chikuto."

N'zimene ankafuna. Amayi ake anamulonjeza kamakina kowerengera mabuku atakhoza mayeso, koma iye ankakonda nkhani zachikondi zokhazokha, zija zotenthetsa makutu. Amayi akanadziwa, m'nyumba mukanachepa. Ankafuna asankhiretu iwo asanatuluke m'sitolo ya mankhwala yoyandikana nayo.

Anachedwa. Amayi analowa, natola kena kakakulu, nakayandikitsa kumaso.

"Achimwene, aka kamakulitsa zilembo?"

"Kwambiri, mayi."

"Amayi, kameneko n'kolemera," mtsikanayo anadandaula, akupondaponda pansi. "Ine maso anga ndi abwinobwino."

"Maso ako ndi abwino, nanga anga?" Amayi anatsegula chikwama. "Timabuku tako ta pansi pa matiresi tili ndi zilembo ngati nyerere. Mutu umayamba kundiwawa anthuwo asanapsompsonane n'komwe. Tikulungireni kakakuluka, achimwene, ndipo zokhomazo musaikemo."