Tayala la Paliponse

"Madala, inu mumazidziwa njira zonse za pa esiteti pano. Tisankhireni," anatero bwana Crispin, manijala, akuloza matayala atatu amene anali pambali pa njinga yatsopano yoyendera batire.

A Namakhwa, mlonda amene anazungulira minda ya tiyi wapansi kwa zaka makumi awiri, anagwada n'kuwapapasa limodzilimodzi.

"Losalalali lidzakugwetsani m'matope a pa mtsetse wa ku munda wa Namba Foro. La mano akuluakululi lidzalemera pa msewu wa tala popita ku Luchenza. Tengani lapakatili, bwana. Lidzayenda paliponse."

"Ngakhale kuseri kwa damu, mvula ikagwa?"

"Ngakhale kumeneko."

Aka kanali koyamba kuti munthu wa mu ofesi awafunse nzeru. Atafika kunyumba anafotokozera akazi awo mpaka kawiri.

Mwezi usanathe, alonda atatu mwa anayi anaitanidwa ku ofesi. Njingayo inkazungulira minda yonse pa maola awiri okha, choncho mlonda mmodzi anali wokwanira.

"Munanena zoona, madala," anatero bwana Crispin powapatsa a Namakhwa kalata yowachotsa ntchito. "Sinaterereke n'kamodzi komwe."