Zala za Kalipentala pa Piyano

Lamlungu masana tonse tinali pabalaza, bambo atakhala pa piyano yobwereka kwa amalume.

"Ndikalephera lero, mawa aitenge," anatero.

Bambo ndi kalipentala, sadula thabwa asanaliyeze. Koma mphunzitsi wawo wa piyano anawalanda buku la manotsi a nyimbo, nati, "Lizani kaye, kuwerenga kudzabwera pambuyo."

"Mphunzitsi wanji wolanda buku?" amayi anafunsa moseka uku akupinda zovala. "Ndiye mudzailiza bwanji ndi zala zangati mipini ya nyundozo!"

Bambo anayamba. Anaphonya kawiri. Kachitatu nyimbo inatuluka yonse, pang'onopang'ono, ndipo amayi anangopezeka akuyimba nawo, malaya ali m'manja.

Mawa lake amalume anabwera kudzaitenga. Amayi anawachingamira pakhomo.

"Isiyeni kaye, achimwene. Eni nyumba akadali nayo ntchito."