Makina Osasintha Mawu

Felista anali kuswa mtedza pakhonde pamene alamu ake a Langton anafika ali wefuwefu, mutu atapendeketsa monga amachitira chibwerere kumigodi ya ku Joni.

"Alamu, siyani mtedzawo! Wofuna uphungu uja wabweretsa makina oyezera maso pamsika pa Chezi. Ulere!"

"Zaka zisanu osaoneka, lero wakumbuka kuti tili ndi maso," anatero Felista. Komabe anadzuka.

Mwana wake Lenia anali atasiya kuona zolembedwa pabolodi. Kuchipatala cha mishoni anamuyeza pa makina awiri kuti aone ngati m'kati mwa diso mwatupa. Oyamba anati 310, achiwiri 335. Asisitere anati makina amasiyanako choncho, koma onse akuonetsa kutupa. Anati mwana akwere galimoto ya mishoni Lachinayi kupita kwa dokotala ku Lilongwe, chifukwa ikapita imeneyo, ina ndi mvula ikatha.

Felista sizinamulowe. Sikelo ikanena pawiri pa thumba limodzi, munthu umasenza mtedza wako n'kumapita.

Pamsikapo, bambo wovala gauni yoyera pamwamba pa malaya a chipani anauza Lenia kuti asuzumire m'kabokosi. Kapepala kanatuluka: 240, diso lililonse. Bamboyo anati zonse zili bwino. Felista anati abwereze. 240. M'mawa mwake anapitanso naye, atamuveka diresi lina ndi duku kuti asamuzindikire. 240.

"Makina ndi amenewa," anakauza asisitere. "Sasintha mawu ngati anu aja."

Lachinayi galimoto inaima pamsewu, inaliza hutala katatu, kenaka inanyamuka. Felista sanadzuke pamtedza wake. Fumbi lisanathe, a Langton anatulukira, nakhala pampando, nayala kapepala kawo pabondo monyadira.

"Nafenso takhoza, alamu. Kumanja 240, kumanzere 240. Akuti ndi maso a munthu woti akwatirenso."

Fumbi lija linali litawalowa m'maso. Anakolowola diso lakumanzere, lagalasi limene anawaika ku Joni, nalipukuta bwinobwino pamalaya.

Felista anayang'ana kumsewu. Anayang'ananso Lenia, amene ankapapasa pansi kufuna lichero lomwe linali pamapazi pake pomwepo. Kenaka anatola mtedza wina n'kuuswa. Thumba linali lisanafike ndi pakati pomwe.